Nkhuku za pa Chipatala cha Bweranimawa

Kuseri kwa mapiri amene simudzawafika, kutsidya kwa mtsinje umene mlatho wake anautsegulira ndi magule koma sanaumange, kuli dziko lotchedwa Sitikana. Anthu a kumeneko ndi aulemu kwambiri, moti chiyambire dzikolo palibe anamvapo munthu akunena kuti "ayi" pamaso pa mnzake. Sikuti amavomera zonse. Ali ndi njira yawo.

Munthu wa ku Sitikana akafuna kupempha chinthu chachikulu, kaya ndi mbeta, kaya ndi munda, kaya ndi ng'ombe yolimira, amamulowetsa mnzakeyo m'nyumba, n'kumukhazika pa mpando wabwino, n'kunena pempho lake mosathamanga. Akatha amadzuka n'kuti, "Pepani, ndikaone nkhuku." Amatuluka, chitseko n'kuchisiya chotsekula, n'kukaima kuseri kwa nyumba, ngakhale nkhukuzo zitatha ndi chitopa chaka chatha. Akabwerera n'kupeza mlendo adakali pampando, ndiye kuti wavomera. Akapeza mpando wokha, ndiye kuti wakana, ndipo mawa lake akakumana pamsika amapatsana moni monga kale, popanda wochita manyazi. Ku Sitikana amakana ndi miyendo.

Pali chinanso chimene sachita. Munthu satchula imfa yake ali moyo, poti imfa ili ngati galu wa anansi, ukaitchula dzina imabwera. Kutchula imfa ya mfumu ndiye mlandu wosamutsa mudzi.

Masiku amenewo dzikolo linali m'manja mwa Mfumu Ndatero Wachitatu, munthu wofatsa, wonenepa bwino, wokonda tiyi, maulendo akunja ndi kudula maliboni. Ulendo uliwonse inkabwerako ndi kanthu. Ulendo wina inabwera ndi maloboti a pamsewu, amene ng'ombe za ngolo zinkangowayang'ana n'kupitirira. Ulendo uno inabwera ndi lamulo.

Bwalo linakumana ku likulu, mumzinda wa Ndamvabwana, ndipo a Khumbanyiwa, Nduna ya Matenda ndi Maliro, anaimirira n'kukonza tayi.

"Mwinidziko aona kunja kuti munthu akatsamira mkono, impso zake, chiwindi, mtima ndi maso amazipereka kwa odwala amene akuzisowa. Ndipo aona kuti kufunsa munthu aliyense payekhapayekha kumadya nthawi ya chitukuko. Choncho kuyambira lero, aliyense amene wakhala chete wavomera. Koma poti Mwinidziko ndi tate wa ufulu, wosafuna ali ndi mwayi wokana. Abwere pa khonde la nyumba yachifumu, pamene Mwinidziko amamwera tiyi, ayang'ane Mwinidziko m'maso n'kunena mokweza kuti, 'Ndikadzafa, ndakana.' Khondelo talitcha Khonde Lokanira, ndipo talipaka laimu."

Bwalo lonse linaomba m'manja. Nkhalamba ina ya m'bwalomo inadzuka n'kutuluka mwakachetechete, koma a Nduna anayesa kuti ikupita kukataya madzi.

Pa chipatala chachikulu cha Bweranimawa panali namwino wina, mayi Elesi Nangozo, amene aliyense ankangoti a Nangozo. Anali atagwira ntchito mu wodi ya abambo mpaka imvi zinayamba kusuzumira pansi pa kachipewa kawo koyera. Dzanja lawo pa jakisoni linali lopepuka, ndipo sankakonda kuyankha nkhani isanakhale pansi. M'mawa mwake anapeza anzawo atazungulira ketulo m'chipinda chomwera tiyi, nkhani ili yomweyo.

Dokotala Ndaonakunja, bambo wachinyamata wamtima wabwino amene ankayenda ngati wina akumuthamangitsa, anali ndi chimwemwe chosabisika.

"Inu simunaone zimene ndinaona ine," anatero. "Munthu wotupa ngati chibaluni, impso zitaleka, amuika ya mnzake, pakutha kwa mwezi akupalasa njinga. Aphunzitsi aja ali ku wodi ya amayi, amene akutupa miyendo, kunja bwenzi ataimirira kale pa bolodi. Ife timangowayang'ana. Ziwalo tikudyetsa chiswe, anzanga, anthu akuzisowa."

"Zoona zimenezo, adokotala," anatero a Pondani a ku mochale, kosungira mitembo, akuviika bulede mu tiyi. "Koma ine chandidabwitsa n'chimodzi. Anthu anga kumusi kuja sayankha. Ndikawapatsa moni, zii. Ndikawauza kuti sunthani, zii. Ndinkayesa mwano, kani akhala akuvomera zaka zonsezi."

"Inu a Pondani, nkhani iyi si ya nthabwala."

"Sindikuseka, bwana. Ndingofunsa kuti tikachotsa tiziika pati. Firiji ndi imodzi, ya katemera ija, ndipo imazizira magetsi akatikumbuka."

"Lamulo liyambe, firiji itsatira."

"Ngati mlatho uja," anatero a Pondani.

Namwino wina wamng'ono anati iye sangathe kuuza mayi amene wangotaya mwana kuti dikirani kaye tichotseko za boma. Wina anati iye akugwirizana nazo, bola zisayambire pa abale ake. Wina anafunsa ngati ogwira ntchito m'chipatala akhululukidwa, monga amakhululukidwira kuima pa mzere. Onse anatembenukira kwa a Nangozo.

"Kupatsa n'kuika," anatero a Nangozo. "Aphunzitsi aja ndimawasambitsa ndine ndikathandiza ku wodi kwawo, ndiye musandiphunzitse chisoni. Koma sindinamve paliponse m'lamulomo pamene akuti akaone nkhuku."

"Nkhuku ndi za kumudzi, amayi," anaseka dokotala. "Ichi n'chipatala."

A Nangozo anali ndi nkhawa yawo imene inagona pa bedi la pafupi ndi zenera mu wodi yawo: amalume awo, a Zakeyu Kamphinda, telala wa pa msika wa Tsitsaniko. Mayi awo atamwalira, ndi a Kamphinda amene anawalera, ndipo yunifolomu yawo yoyamba ya unamwino inasokedwa pa makina a bambo ameneyu. Tsopano matenda a shuga anali atawatsegulira chilonda pa phazi lamanja, phazi lomwelo lopalasira makina. Dokotala anali atanena kuti akakhala pa diripi ndi kulola kuti chilondacho achipale bwino m'chipinda cha opaleshoni, phazilo lipulumuka. Akazengereza, lidzadulidwa.

Atalowa mu wodi anapeza abambo onse atazungulira kawailesi. A Kamphinda anawakodola.

"Nangozo, tabwera kuno. Zimene ikunena wailesiyi, ndi za ife?"

"Ndi za anthu amene apita kale, amalume. Inu muli moyo, ndipo phala la m'mawa mwamaliza ndi la mnzanu lomwe."

"Eya. Nanga amene amaona kuti munthu wapita ndani?"

"Ndi ife."

"Amene akufuna impsozo?"

"Ndi ife, koma..."

"Wogoneka munthu tulo m'chipinda chija?"

A Nangozo anakonza bulangete limene linali lokonzeka kale.

"Mbuzi, mpeni ndi woweruza mlandu wa mbuzi, onse m'khola limodzi," anatero a Kamphinda. "Ndamva, mwana wanga. Pita ukagwire ntchito."

Masana, nthawi yoona odwala itatha, abale anatuluka ndi madengu awo monga mwa masiku onse, kungoti otuluka anachuluka kuposa amene analowa. A Nangozo anapeza bedi la pazenera litayalidwa bwinobwino, bulangete litapindidwa ngati nsalu yapashopu, diripi ikudonthera pansi. Mabedi ena anali chimodzimodzi. Palibe anakangana ndi munthu. Wina anasiya nthochi pa pilo, zothokozera.

Pakutha kwa sabata, chipatala cha Bweranimawa, chimene odwala ankagona mpaka pansi pa mabedi, chinali chitayera ngati tchalitchi Lolemba. Anatsala ndi okhawo amene miyendo yawo sinkatha kukana.

Loweruka a Nangozo anatenga bandeji ndi mankhwala n'kutsikira ku msika wa Tsitsaniko. Anapeza msika utasintha. Anthu ankayankhula kwambiri kuposa kale, ngakhale popanda nkhani. Mkulu wina amene ankakonda kuodzera pansi pa mtengo wa mango anali atamangidwa belu la njinga pa mkono, kuti akasuntha anthu adziwe kuti adakalipo.

"Dzukani, achimwene," mnzake ankamugwedeza. "Musagone pagulu, angakuyeseni mwavomera."

"A nesi, bwerani mugule chiwindi," anaitana wogulitsa nyama. "Kapena kwanu zachuluka?"

"Musiyeni mayiyu," anatero mayi wogulitsa tomato. "Ine lamuloli landithandiza. Amuna anga akhala chete chikwatirane. Dzulo ndawauza kuti njinga ndagulitsa, sanayankhe, ndiye basi."

A Nangozo anaseka nawo, poti wobwera ndi yunifolomu pamsika amayenera kuseka. Anawapeza amalume awo pa khonde lawo, akusoka buluku ndi phazi lamanzere, msoko ukuyenda ngati njira ya woledzera. Phazi lamanja linali pa kampando, litakulungidwa nsanza, ntchentche zikulichezera. Pambali panali bawo, ndipo kutsidya kwa bawolo kunali a Chimwaza, owotcherera ndowa, amene anakhala akukangana ndi a Kamphinda pa masewerawo kuyambira ali anyamata.

A Nangozo anagwada n'kumasula nsanzazo. Fungo linawauza zonse. Kufiira kunali kutadutsa pa kakolo.

"Amalume, ichi sichingachire pakhonde. Ndichitsuka lero, koma chikufuna diripi ndi mpeni wa dokotala. Mukachedwa adzadula phazi lonse."

"Bola phazi, ndidzadziwa kumene lapita."

"Mudzapalasa ndi chiyani?"

"Uwauze," anatero a Chimwaza. "Ine ndalephera. Fungo limeneli likundisokoneza pa bawo."

"Iwe umasokonezeka ndi manja ako akuba," anatero a Kamphinda. Kenako anatsitsa mawu. "Nangozo, iwe ndimakukhulupirira. Dokotala wakonso ndi mwana wabwino. Koma munthu akalowa m'munda mwako n'kuthyola chimanga, n'kumati poti sunandiletse, kwathu kuno timamutcha dzina lina. Ngakhale chimangacho akukapatsa amasiye."

"Ndiye pitani pa Khonde mukakane, mubwere mudzagone mwamtendere."

"Ine? Ndikayang'ane mfumu m'maso, nditchule chinthu chija ndi pakamwa panga, kenako ndinene mawu amene bambo anga sanawanenepo? Pita iweyo ukandikanire, poti unapita kusukulu."

A Nangozo anapitadi. Anavala chitenje chatsopano n'kukwera mtunda wa ku Ndamvabwana, mawu atawakonza bwino m'mutu. Anapeza Khonde Lokanira likuwala ndi laimu, lopanda ngakhale phazi la mwana. Mfumu inali pa mpando wa ndalema, ikupemerera tiyi, ndipo itawaona inasangalala ngati munthu amene wasowa wocheza naye.

"Fikani, mayi, fikani. Mupatseni kapu. Kwagwanji?"

A Nangozo anagwada. Anayang'ana nkhope yozungulira ija, yokoma mtima, ikuwadikira. Mawu anafika pakhosi n'kubwerera okha ngati mbuzi yaona mtsinje.

"Tinangoti tidzakuoneni, Mwinidziko."

"Mwachita bwino. Lamulo lathu likuyenda bwanji kuchipatala?"

"Likuyenda, Mwinidziko. Anthu akuyenda nalo."

Anamwa tiyi, anathokoza, ndipo potsika mtunda anazindikira kuti pothokozapo anathokozanso lamulo lomwelo.

Patapita masiku, a Nduna Khumbanyiwa anayankhula pa wailesi. Anati chikhazikitsire lamulo palibe munthu ndi mmodzi yemwe wapita kukakana, chimene chikusonyeza kuti dziko lonse lavomera, kuposa mayiko onse akunja. Anatinso lamuloli labweretsa mwayi umene sankauyembekezera: matenda atha. Zipatala zili mbee. Choncho Mwinidziko adzayendera chipatala cha Bweranimawa kudzaona okha mabedi opanda anthu, ndi kudula liboni pa malo pamene padzakhale firiji.

Tsikulo linafika. Miyala ya m'mbali mwa msewu inapakidwa laimu, oimba malipenga anafola, apolisi anapukuta nsapato. A Pondani anapatsidwa ovolosi yatsopano n'kuuzidwa kuti aime kumbuyo ndipo asapatse moni aliyense. Anthu a ku msika anabwera kudzaonerera, koma anaima kunja kwa mpanda, poti m'kati munali mosalowa munthu wokonda impso zake. A Nangozo anayang'ana pagulupo, amalume awo sanawaone. A Chimwaza anawakodola pa waya.

"Kuyambira dzulo sakudzuka," ananong'ona. "Thupi likutentha. Bawo lomwe lakanika."

Liboni linadulidwa pa ngodya yopanda kanthu, anthu anaomba m'manja, ndipo mfumu inalowa mu wodi ya abambo. Inayenda pakati pa mabedi oyalidwa bwino ikugwedeza mutu mokhutira.

"Kuti anthu aone chitsanzo," anatero a Nduna, "Mwinidziko alola kuti awayeze pamaso pa atolankhani."

Mfumu inavula nsapato ndi jekete n'kukhala pa bedi la pazenera, lomwe lija la a Kamphinda. A Nangozo anaikulunga lamba woyezera bipi pa mkono n'kuika zala pa mtsempha. Dokotala Ndaonakunja anamvetsera pachifuwa, anagogoda kumsana, anasuzumira m'maso, ndipo nkhope yake inawala. Sikuti ankafuna kudzigulira malo. Munthuyo ankangokonda ziwalo zabwino monga mlimi akondera ng'ombe yonenepa, ngakhale ili ya mnzake.

"Mwinidziko, thupi ili ndi nkhokwe yodzaza," anatero. "Mtima ngati ng'oma. Mapapo atsopano. Impso ngati za mnyamata. Amene adzalandire zimenezi ndi wamwayi."

Woimba lipenga wina amene anali pakhomo anameza mpweya umene anaukonzera nyimbo.

"Adzalandire?" inafunsa mfumu mofatsa.

"Poti pa Khonde Lokanira mumakhalapo tsiku ndi tsiku, Mwinidziko, koma sitinamve kuti munanenapo kanthu. Ndiye mwa lamulo..." Apa dokotala anamva yekha zimene ankanena.

Mfumu inatembenukira kwa a Nduna. A Khumbanyiwa anakonza tayi imene inali yokonzeka.

"Pepani, ndiye kuti, Mwinidziko, lamuloli silikhudza inu pamene mudza... pa nthawi imene inu mudza..."

"Ndidzatani?"

A Nduna anayang'ana apolisi. Apolisi anawayang'ana iwo, poti mawu otsatirawo anali osamutsa mudzi, ndipo a Nduna anali atangomanga nyumba ya malata.

"Pamene mudzapitirize kukhala ndi moyo, Mwinidziko."

"Ndiye likhudza liti?"

Mfumu yokha sikanatha kunena kuti ndakana, poti ikanayamba yatchula chinthu chija, pamaso pa atolankhani. Kunena kuti lamulo n'lolakwika sikanathanso, poti dzina lake linali Ndatero. Inangokhala pa bedi, masokosi ali panja. Kumbuyo, a Pondani, mosadziwa, anali akuiyeza utali ndi maso, monga mwa chizolowezi cha ntchito.

Pansi pa zala za a Nangozo mtsempha wachifumu unkathamanga ngati mwana wa mbuzi. Anakweza maso n'kuona kumene mfumu ikuyang'ana. Sinkayang'ana dokotala, kapena nduna. Inkayang'ana chitseko. Maso amenewo a Nangozo anali atawaonapo pa bedi lomwelo. Kunena zoona, anaimvera chisoni. Kunenanso zoona, anakumbukira phazi lofiira lili pa kampando ku Tsitsaniko.

Anamasula lamba uja mosathamanga. Anatola nsapato za mfumu n'kuziika pamodzi, zitaloza kukhomo. Anatsekula chitseko chakumaso mpaka kukhoma, n'kuchitchinga ndi mwala kuti mphepo isachitseke. Kenako anagwada n'kuomba m'manja mwaulemu.

"Mwinidziko, adokotala apempha chinthu chachikulu. Pepani, ife tikaone nkhuku."

Ku Sitikana mawu amenewo akanenedwa, palibe amatsala. A Nangozo anatsogola potulukira khomo lakuseri, ndipo pambuyo pawo panatsata dokotala, a Nduna, akuluakulu a bwalo, atolankhani, apolisi, oimba malipenga, mpaka dalaivala wa galimoto yachifumu. Onse anakaima kuseri kwa wodi, pamene panali zingwe zoyanikira mabulangete ndi ambulansi yakale yokhala pa miyala. Nkhuku panalibe. Chipatala cha Bweranimawa sichinawetepo nkhuku. Komabe aliyense anaziona mwakhama. Mkulu wa apolisi anawerama n'kusuzumira pansi pa ambulansi. A Nduna anaika manja kumbuyo n'kuyang'ana tchire ngati munthu wodziwa za ziweto.

"Zanenepa chaka chino," anatero a Pondani.

"Zanenepadi," anavomera a Nduna.

Dokotala anasendera kwa a Nangozo. "Amayi, ndalakwitsa?"

"Mwapempha, adokotala. Ndinu woyamba m'dziko muno kupempha ziwalo."

Ataona kuti nkhuku zaonedwa mokwanira, anabwerera. Pa bedi panali dzenje lofunda ndi jekete. Nsapato panalibe.

Zotsalazo a Nangozo anazimva kwa anthu a pa mpanda, amene anaona zonse. Mfumu inatuluka khomo lakumaso, inapeza galimoto yopanda dalaivala, ndipo inangopitirira wapansi. Inadutsa pachipata, inatsikira mumsika wa Tsitsaniko, pakati pa tomato ndi usipa, ikuyenda ndawala imene palibe ankadziwa kuti ili nayo. Anthu anavula zipewa n'kuyang'ana kumbali, monga amachitira munthu akamakana, kuti asachite manyazi. Inadutsa pa khonde la telala, pamene a Kamphinda anagona pa mphasa akunjenjemera. Akuti anadzutsa mutu, anayang'ana mfumu ikupita, n'kunena kuti, "Kani awonso ndi a kwathu."

Mawa lake a Nduna anayankhulanso pa wailesi. Anati mphekesera zoti lamulo lafafanizidwa ndi zabodza, poti mawu a Mwinidziko safafanizika. Lamulo lilipo, ndipo ndi lamphamvu kuposa kale. Kungoti latuluka pang'ono kukaona nkhuku, ndipo mpaka lidzabwere, munthu aliyense aziyamba wapemphedwa. Khonde Lokanira analisandutsa poimika njinga.

Odwala anabwerera monga anapitira, mwakachetechete, osatchula kuti anachokapo. A Kamphinda anabwera pa wilibala, akukankhidwa ndi a Chimwaza, amene anadandaula njira yonse kuti munthu wowonda chotere akulemera ndi machimo a pa bawo. Dokotala anagwira ntchito yake, ndipo anaigwira bwino. Chala chaching'ono chinapita, china chinatsatira, koma phazi linatsala.

Dokotalayo ndiye anafooka. A Nangozo anamupeza m'chipinda cha tiyi, kapu itazizira m'manja.

"Tsopano sitidzapeza ngakhale impso imodzi," anatero. "Aphunzitsi aja adzapita tikuwayang'ana. Ndani angavomere, poti mfumu yomwe yathawa?"

"Safunsa anadya phula, adokotala. Inu limbanani ndi a Nduna za firiji. Kufunsa tisiyireni ife."

"Muyambira pati?"

"Kwathu. Sindingapemphe kwa eni zimene sindinapemphe pakhomo panga."

Anadikira mpaka kutentha thupi kutatha ndipo amalume awo ayambanso kunyoza phala. Tsiku lina dzuwa litapendeka, anzawo a mu wodi ali panja kuothera, a Nangozo anakoka mpando n'kukhala pafupi ndi bedi la pazenera. Anafunsa za phazi, za makina, za mvula. Kenako anatsitsa mawu.

"Amalume, ndabwera ndi pempho. Si la boma, ndi langa. Ku wodi ya amayi kuli mphunzitsi amene impso zake zaleka, ndipo pambuyo pake padzabwera ena. Tsiku limene makina aja adzasowe wowapalasa, likhale kutali, kodi mungalole kuti zimene simudzazifunanso zithandize wina? Ine ndinavomera zanga, adokotala anandipempha dzulo. Koma zanu ndi zanu."

A Kamphinda anayang'ana kudenga.

A Nangozo anadzuka. Atafika pakhomo anaima, poti anakumbukira chinthu. Munthu wa phazi lomangidwa bandeji, ukabwerera n'kumupeza ali pomwepo, wavomera kapena walephera kudzuka? Anapita m'chipinda chosungira katundu, anatenga ndodo ziwiri zoyendera, n'kuzitsamiritsa pa bedi, pamene dzanja likanazifikira mosavuta. Anaika patapata pansi, ataloza kukhomo, n'kutchinga chitseko ndi mwala uja.

"Pepani, amalume, ndikaone nkhuku."

Anakhalitsa kuseri kwa wodi. Anayang'ana ambulansi, anayang'ana mabulangete. Anachedwa dala, kuti ngakhale munthu wotsimphina athe kufika pachipata.

Atabwerera anapeza a Kamphinda atakhala tsonga pa bedi, ndodo imodzi ili pamiyendo, akuyang'ana nsalu yokutira potsamira mkhwapa.

"Amene anasoka apa si telala," anatero. "Udzandikumbutse ndidzakonze."

"Mwaziona ndodozo, amalume?"

"Ndaziona. Ndaziyesanso. Ndinafika mpaka pakhomo, kuti ndidziwe ngati zikuyenda, ndiye ndabwerera." Anaika ndodoyo pambali. "Maso mundisiyire, njira ya kumeneko sindiidziwa. Zinazo tengani. Koma Nangozo, umve bwino. Impso yanga isadzapite kwa Chimwaza."

"Nanga akadzakhala kuti wodwala ndi iwowo? Anakukankhani pa wilibala kuchokera kumsika."

A Kamphinda anasisita chibwano.

"Mudzamupatse yakumanzere," anatero. "Koma ayambe wapempha."